Masitolo a pabanja amakula bwanji? Phunziro lochokera ku Kasina

Alimi anzanga, mwezi wathawu ndidali ku Kasina m'boma la Dedza kumene ndidakacheza ndi kalabu ina ya alimi a mbatata ya kachewere ndi nyemba. Titatha kukambirana za matenda a chiwawu ndi kasungidwe ka mbewu, bambo wina wachikulire adandikokera pambali.

"Alangizi," adatero bamboyo, "chaka chino mbatata yatiyanja. Ine ndi mayi akunyumba tasungako kandalama, ndipo tikuganiza zotsegula sitolo ya mbewu ndi feteleza pamsika pathu pano kuti anawa adzapeze pogwira. Koma mtima ukukayika. Masitolo a ife anthu akumudzi amafa mwini wake akali moyo. Nanga anzathu a Kulima Gold ndi Farmers World, amene timamva kuti adayambitsidwa ndi mabanja, adatani kuti afalikire chonchi?"

Funsoli lidandikhudza chifukwa inenso ndine mdzukulu wa munthu amene sitolo yake idafa. Ndidawayankha mwachidule tsikulo, koma ndidalonjeza kuti ndidzafotokoza bwino patsamba lino, popeza alimi ambiri amene apeza kangachepe ali ndi maganizo omwewa. Ndalama za mbatata ndi thukuta la chaka chathunthu. Sizoyenera kuziponya m'sitolo tisadamvetse mmene malondawa amayendera.

Kumene tachokera

Masitolo okhala ndi nthambi zambiri si achilendo m'dziko muno. M'chaka cha 1878 ku Glasgow, m'dziko la Scotland, kudakhazikitsidwa kampani imene pambuyo pake idadziwika kuti African Lakes. Oyendetsa ake kuno adali anthu awiri apachibale, John ndi Frederick Moir. Makolo athu ataona magalasi amene John ankavala adamutcha Mandala, ndipo dzinali lidamatirira pa masitolo onse a kampaniyo. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, imene idamangidwa mu 1882, ilipobe mpaka lero. Kenaka kudabwera masitolo a Kandodo, amene achikulire ambiri akuwakumbukira.

Koma sitolo imene mlimi wakumudzi ankaidziwa kwambiri idali ya Mmwenye. Amwenye adayamba kufika kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo malonda awo ankayenda pachibale. Wina akakhazikika ku Limbe ndi sitolo yopikulitsa, ankaitana mng'ono wake kapena mlamu wake n'kumupatsa katundu pangongole kuti akatsegule sitolo yaing'ono kumudzi. Uyonso akalimba ankaitana wina. Motero banja limodzi linkakhala ndi masitolo angapo m'misika yosiyanasiyana, onse akupikula pamalo amodzi. Mlimi ankapezamo nsalu, mchere, makasu, palafini, singano ndi sopo.

Amwenye atachoka kumidzi

Pakati pa 1970 ndi 1978 boma la Dr. Kamuzu Banda lidalamula kuti Amwenye achoke m'misika ya kumidzi ndipo azichita malonda m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Cholinga chimene chidanenedwa chidali chakuti eni nthaka atenge malondawo. M'zaka zomwezo mudakhazikitsidwa madepoti a Chipiku pansi pa kampani ya Import and Export kuti eni magolosale azipikulako katundu. Mu 1971 ADMARC idalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndipo mu 1973 kampani ya Press idayambitsa masitolo a PTC.

Agogo anga aamuna adali telala pakhonde pa sitolo ya Mmwenye pamsika wina muno m'Dedza. Mwini wake atasamuka, iwo adagula nyumbayo ndi ndalama za mtedza ndi za utelala. Amayi anga amanena kuti chaka choyamba mashelefu adali odzaza mpaka kudenga. Koma kukagwa maliro pamudzi, nsalu ndi shuga zinkachokera m'sitolo. Mwana wa mlongo wawo akafuna fizi, ndalama zinkachokera m'kabati ya sitolo. Buku la ngongole lidadzaza ndi maina a abale amene sakadatheka kuwakumbutsa. Pasadathe zaka zambiri m'sitolomo mudatsala machesi ndi mchere basi. Agogo atamwalira, ana awo ndi ana a alongo awo adakanganirana nyumbayo mpaka malata adazulidwa n'kugawana.

Nkhani ya agogo anga si yachilendo. Yendani m'misika yakale ya m'Dedza, Ntcheu kapena Mchinji, mudzaona mizere ya nyumba za makonde aatali zimene kale zidali masitolo. Anthu adalandira nyumba ndi mashelefu, koma sadalandire chimene chinkayendetsa malondawo: m'bale wopikulitsa amene amakupatsa katundu pangongole, galimoto yobweretsa katunduyo, ndi mwambo wosasakaniza ndalama za sitolo ndi za pakhomo.

Msika utatseguka

Kwa zaka zambiri mlimi wamng'ono analibe kwina kogulitsa zokolola zake kapena kogula feteleza koma ku ADMARC ndi kudzera m'makalabu a ngongole. Zinthu zidayamba kusintha mu 1987 pamene boma lidalola amalonda ena kugula mbewu kwa alimi. Mu 1994 ndalama ya kwacha idasiyidwa kuti ipeze yokha mphamvu yake pamsika, ndipo m'zaka zomwezo ngongole za makalabu za SACA zidagwa, sabuside ya feteleza idachotsedwa, ndipo makampani adaloledwa kuitanitsa ndi kugulitsa feteleza. Misika ina ya ADMARC idatsekedwa. Kumidzi kudatsala mpata waukulu, ndipo mabanja ena amalonda adauona.

Banja lina ndi la a Abdul Gaffar Jakhura, amene mu 1983 adayambitsa kampani ya Rab Processors ku Blantyre. Ntchito yake ndi kukonza zakudya kuchokera ku zokolola za alimi, monga ufa, Likuni Phala ndi zakudya za ziweto. Fakitale yotere imafuna chimanga, soya ndi mtedza chaka chonse. M'malo modikira kuti mavenda abweretse, kampaniyi idatsegula madepoti ake m'misika ya kumidzi pansi pa dzina la Kulima Gold, kumene imagula zokolola ndi kugulitsa zipangizo za ulimi.

Banja lina ndi la a Giannakis, limene m'zaka za m'ma 1990 lidakhazikitsa masitolo a Farmers World. Awa adayambira mbali ya feteleza. Masitolo a Farmers World adafalikira m'chigawo chapakati ndi cha kumpoto, pamene m'chigawo cha kummwera gulu lomwelo lidakhala ndi masitolo a Agora. M'kupita kwa nthawi gululi lidakhalanso ndi fakitale yosakaniza feteleza ku Liwonde ndi kampani ya mbewu ya Demeter.

Taonani kuti mabanja awiriwa adayambira mbali zosiyana, wina kogula zokolola, wina kogulitsa feteleza, koma onse adakathera pa sitolo ya mtundu umodzi. Apa ndi pamene pagona phunziro lathu.

Sitolo yoyenda ndi chaka cha mlimi

Mlimi amakhala ndi ndalama nthawi imodzi pachaka, ndipo amafuna zipangizo nthawi ina. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti amakhala ndi mbewu zogulitsa. Kuyambira Okutobala mpaka Januwale amafuna mbewu yobzala ndi feteleza. Sitolo imene imangogulitsa feteleza ndi mbewu imagwira ntchito miyezi itatu kapena inayi, koma lendi, mlonda ndi wogulitsa amalipidwa miyezi 12.

Madepoti a mabanja aja adathana ndi vutoli poima mbali zonse ziwiri. Nthawi yokolola amakhala msika wogula soya, mtedza, nyemba ndi chimanga. Mlimi akalandira ndalama zake amapeza pomwepo malata, njinga ndi katundu wina wofunika pakhomo, ndipo ena amaguliratu feteleza. Mvula ikayandikira depoti yomweyo imasanduka sitolo ya zipangizo za ulimi. Nyumba ndi imodzi, sikelo ndi imodzi, antchito ndi omwewo. Lole imene yabweretsa feteleza sibwerera yopanda kanthu, imanyamula zokolola. Ndalama imodzi imagwira ntchito kawiri pachaka.

Chachiwiri, kumbuyo kwa sitolo kuli chinthu china chachikulu, kaya fakitale yogaya, kaya yosakaniza feteleza, kaya munda wochulukitsa mbewu. Izi zikufanana ndi m'bale wa ku Limbe uja amene ankapatsa katundu masitolo a kumidzi. Nthambi siima payokha.

Chachitatu, sitolo yokhazikika ili ndi dzina loti iteteze. Zaka zingapo zapitazo mlamu wanga adagula mbewu ya chimanga kwa venda wina amene adayala malonda ake pansi tsiku la msika. Pepala lake lidali lokongola ndipo mtengo udali wotsika. Itamera tidazindikira kuti chidali chimanga cha m'nkhokwe chopaka utoto. Sabata yotsatira vendayo sadaonekenso. Sitolo ya njerwa singathawe chotero. Mlimi akabwera ndi dandaulo amaipeza pomwepo, ndipo mwini wake amadziwa kuti akanamiza mudzi umodzi wataya midzi khumi.

Tisanamizane, makampaniwa si achifundo ayi. Ndi amalonda, ndipo amagula nthawi imene mbewu zachuluka ndi kutsika mtengo. Koma mlimi amene akumvetsa mmene amapezera phindu ndi amene angathe kuchita nawo malonda maso ali kupenya.

Kukula kuli ndi minga yake

Boma la Dr. Bingu wa Mutharika litayambitsa ndondomeko ya makuponi mu 2005, masitolo a makampani adaloledwa kulandira makuponi a feteleza m'nyengo za 2006/07 ndi 2007/08. Amalonda ambiri adatsegula nthambi zatsopano kumidzi poyembekezera kuti zipitirira. Koma m'nyengo ya 2008/09 boma lidalamula kuti feteleza wa makuponi azigulitsidwa ku ADMARC ndi ku SFFRFM kokha, ndipo makampani adabwereramo m'nyengo ya 2015/16. Amene ankadalira makuponi okha adavutika. Amene adali ndi malonda ena adapirira.

Ndiponso ukulu pawokha suteteza sitolo. PTC idali ndi nthambi m'maboma ambiri ndipo kumbuyo kwake kudali kampani yaikulu ya Press, koma ngongole zidaikulira mpaka idatsekedwa mu 2022. Chaka chomwecho ADMARC nayo idaimitsa ntchito ndi kuchotsa antchito ake kuti ikonzedwenso.

Malonda a pabanja akakula kwambiri amathanso kuchoka m'manja mwa banjalo. Mu 2019 kampani ya Ma'aden ya ku Saudi Arabia idagula magawo 85 mwa magawo 100 a gulu la Meridian, limene pansi pake pali Farmers World, Agora ndi Demeter. Kugulitsa kotere si kugwa ayi. Munthu sagula sitolo yopanda mabuku. Agogo anga sakadapeza wogula ngakhale akadafuna, chifukwa padalibe cholembedwa china koma maina a angongole.

Kwa amene mukufuna kutsegula sitolo

Palibe wa ife amene angamange fakitale mawa. Koma mfundo zimene zidakweza mabanja aja zimagwiranso ntchito pa sitolo ya chipinda chimodzi. Nazi zimene ndikulangiza.

1. Thumba la sitolo lisiyane ndi thumba la pakhomo. Gwirizanani monga banja kuti bambo kapena mayi amene akugulitsa azilandira malipiro akutiakuti pamwezi. Fizi, maliro ndi matenda zichokere m'malipirowo ndi m'munda. Ngakhale mwini wake akatenga paketi ya shuga alipire.

2. Mpamba wanu muziuwerenga m'matumba osati m'makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Pa ulendo wachiwiriwu ndalama zimene zinkagula madola 100 zidayamba kugula pafupifupi madola 70 okha. Feteleza amachokera kunja. Ngati mudayamba ndi matumba 20 ndipo mutagulitsa onse ndalama zanu zikungokwana matumba 17, mwaluza, ngakhale makwacha akuoneka ochuluka. Musanaike mtengo funsani mtengo wopikulira wa lero, osati wa tsiku limene mudagula.

3. Ngongole ikhale ndi malamulo. Kukana m'bale n'kovuta pa chikhalidwe chathu, choncho ikani lamulo limene lingakuyankhulireni. Ngati mukongoza, kongozani kalabu imene mamembala ake amaimirana, ndipo pakhale kalata yosainirana pamaso pa mboni. Ngongole zonse pamodzi zisapitirire gawo laling'ono la katundu wanu.

4. Gulitsani katundu weniweni ndipo mukhale ndi ziphaso. Wogulitsa mbewu ayenera kulembetsa ku nthambi ya boma yoona za mbewu. Wogulitsa mankhwala a mbewu ayenera kukhala ndi chilolezo cha Pesticides Control Board. Pikulani ku kampani yeniyeni kapena kwa woiimira wodziwika, ndipo sungani malisiti. Mbewu ikhale pa mathabwa, pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi feteleza. Mbewu yotsala chaka chatha muiyese musanagulitse. Bzalani njere 100 mumchenga wonyowa, ndipo ngati ndi chimanga zimere 90 kapena kuposa.

5. Gulitsani pamodzi ndi uphungu. Mlimi akagula mbewu ya chimanga muuzeni kuti hekitala imodzi imafuna makilogalamu 25, mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando. Mukumbutseni kuti feteleza wokulitsa amathiridwa pobzala kapena chimanga chikangomera, ndipo wobereketsa, monga urea, pakatha masabata atatu kapena anayi. Wogula soya mumuuze za inokulanti. Mlimi amene wakolola bwino chifukwa cha mawu anu adzabweranso ndi mnzake.

6. Tsatani chaka cha mlimi wa kwanu. Apa anthu a ku Dedza muli ndi mwayi umene ena alibe. Mvula ikatha ulimi umapitirira m'madimba, kumene anthu amalima mbatata, tomato, kabichi, anyezi ndi chimanga chachiwisi. Alimi a m'dimba amafuna mbewu za masamba, mankhwala ndi feteleza wa makilogalamu ochepa kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Nthawi yokolola mungathenso kusonkhanitsa nyemba ndi soya kuchokera kwa anzanu n'kukagulitsa kwa ogula akuluakulu. Mukatero galimoto imene mwachita hayala ipite ndi nyemba, ibwere ndi katundu wa m'sitolo.

7. Sitolo yachiwiri isafulumire. Tsokonombwe adatha mtunda n'kulumpha. Tsegulani nthambi pokhapokha yoyamba itadzilipira yokha kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo muli ndi munthu amene waphunzira ntchito m'manja mwanu. Kukhala m'bale si chiphaso choyendetsera sitolo. M'bale alembedwe ntchito monga wina aliyense, alandire malipiro, ndipo katundu awerengedwe mwezi ndi mwezi.

8. Konzekerani tsiku limene inu simudzakhalapo. Kuno kwathu kumene mtundu umatsata kuchikazi, funso lakuti sitolo ndi ya ana kapena ya ana a mlongo lapasula mabanja ambiri. Lembetsani bizinesi yanu ku boma, ndipo maina a bambo ndi mayi onse aoneke. Lembani wilo. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, koma wilo imatseka mkangano usadayambe. Ana aphunzire kulemba mabuku a sitolo mukali moyo.

Kwa ife ogula ndi ogulitsa

Ambiri mwa ife sitidzatsegula sitolo, koma tonse timalowamo. Pogula feteleza, mbewu kapena mankhwala, itanitsani lisiti ndipo musunge thumba kapena paketi yake mpaka mutakolola. Onani tsiku limene mbewu idayesedwa ndi tsiku limene mankhwala adzathere mphamvu. Pogulitsa zokolola onetsetsani kuti sikelo ili ndi chidindo cha Malawi Bureau of Standards, ndipo muyeze kaye matumba anu kunyumba. Mvetserani mitengo yoyambira imene unduna wa za malimidwe umalengeza chaka ndi chaka, kenaka mufunse kwa ogula awiri kapena atatu musanamasule thumba.

Umitsani bwino mbewu zanu ndi kuzisankha. Mtedza wa chuku ndi nyemba zosakaniza mitundu zimagwetsa mtengo. Koposa zonse gulitsani pagulu. Mlimi wa matumba atatu amalandira mtengo umene wauzidwa, koma kalabu ya matumba 300 imatha kukambirana, pakuti wogulayo akufuna kudzaza lole yake pamalo amodzi. Mphamvu imene mabanja aja adaipeza pogula ndi kunyamula katundu wambiri nthawi imodzi, alimi angaipeze kudzera m'makalabu ndi m'makopaletivi. Mutu umodzi susenza denga.

Yankho langa kwa bambo wa ku Kasina

Bambo anga, mwandifunsa ngati mutsegule sitolo. Ndikuti tsegulani, koma musaikemo ndalama zonse za mbatata. Patulani kaye za mbewu ndi feteleza wa munda wanu wa chaka chino, pakuti mundawo ndiwo fakitale imene ili kumbuyo kwa sitolo yanu. Zotsalazo muyambe nazo pang'ono, ndi katundu amene alimi a m'madimba a kwanuko amakamufuna ku Linthipe kapena ku Dedza boma. Gulani kope la masamba ambiri tsiku lomwelo limene mudzagule loko wa pachitseko. Mayi akunyumba asunge makiyi a kabati, inu musunge kope, ndipo Loweruka lililonse madzulo muzikhala pansi awiri n'kuwerengera limodzi.

Musanatsegule, itanani abale a mbali zonse ziwiri muwauze poyera kuti m'sitolomo simudzakhala ngongole ya pachibale, koma kuti pa mavuto mudzathandiza kuchokera m'munda monga mwa nthawi zonse. Ena adzakwiya mwezi woyamba. Agogo anga adaopa mkwiyo wa mwezi umodzi umenewo, ndipo lero pamene padali sitolo yawo pamera chisoso.

Ndidzabweranso ku Kasina nthawi yokumba mbatata ya m'dimba. Ndikadzafika ndidzayamba ndapempha kuona kope lija, kenaka mashelefu.